Mabatire, sola, jenereta ndi magetsi a ESCOM pa boti limodzi: zoyenera kukumana ndi zosayenera kukumana

Funso lachokera kwa bambo wina amene ali ndi boti lonyamula alendo ku Cape Maclear. Akuti: "Boti langa lili ndi injini ya 60 hp yolizira kiyi, mabatire awiri a 100 Ah, panelo ya sola ya 200 W, firiji yaing'ono, nyali ndi wailesi. Pali switchi yofiira yolembedwa 1, 2, BOTH ndi OFF. Regulator ya injini yapsa kawiri chaka chino, ndipo tsiku lina titagona ndi alendo ku Domwe, m'mawa injini inakana kulira. Tsopano ndikufuna kugula jenereta, komanso kumakoka magetsi a ESCOM kuchokera pa loji boti likakhala pagombe. Ndilumikize bwanji zonsezi kuti ndizitha kusintha mosavuta?"

Bambo, jenereta ija muyambe mwaidikiritsa. Mavuto awiri amene mwatchulawa sakuchokera ku kuchepa kwa magwero a magetsi, ndipo mukawonjezera jenereta pa mawaya amene alipowa mungowonjezera njira zopsereza zinthu. Tiyambe ndi switchi yofiirayo, chifukwa ndikuiganizira pa milandu yonse iwiri.

Injini ikamalira, kachipangizo kake kopanga magetsi kamakankhira mphamvu m'batire. Batire limakhala ngati dziwe lolandira madzi a mtsinje: kaya abwere ambiri kaya ochepa, dziwe limawameza. Munthu akapotokola switchi n'kudutsa pa OFF injini ili mkati molira, ngakhale kwa kamphindi kosakwana sekondi, dziwe lija limasowa mwadzidzidzi. Magetsi amene anali panjira amakwera kupitirira kutali 12 V, ndipo choyamba kupsa ndi regulator, kachipangizo koletsa magetsi a injini kukwera kupitirira muyeso, ndi ma diode ake. Nthawi zina zimatengera limodzi wailesi ndi china chilichonse chimene chinali choyaka. Ndiye funsani mnyamata amene amakuyendetserani boti kuti pochoka pa 1 kupita pa 2 amadzera mbali iti. Mumufunse mofatsa, chifukwa mukayamba ndi ukali adzangoti sakhudza n'komwe. Njira yoyenera ndi yodzera pa BOTH. Switchi yopangidwira maboti imagwira batire lachiwiri isanasiye loyamba, choncho kuchoka pa 1, kudzera pa BOTH, kukafika pa 2 sikudula dera. Zotchipa zina, ndi zina zimene zadyeka m'kati, zimadula pakati pa malo aliwonse. Mutha kuyesa yanu injini ili chizimire: yatsani nyali imodzi, potokolani pang'onopang'ono kuchoka pa 1 mpaka pa 2 kudzera pa BOTH. Nyali ikaphethira, switchiyo yatha ntchito.

Pali chifukwa chinanso chimene chimapsereza regulator mofananamo, ndipo anthu sachiganizira: mitu ya batire yomangidwa mokhwepa. Boti likamadumpha mafunde a mwera, waya wokhwepa amagwira, kusiya, kugwiranso, ndipo kwa injini zimenezi n'chimodzimodzi ndi munthu amene akusewera ndi OFF. Manati okhala ndi makutu omangira ndi zala aja achotseni, ikani manati enieni omangira ndi sipanala. Batire lenilenilo limangidwe ndi lamba m'bokosi lake kuti lisamayendeyende.

Za ku Domwe n'zosavuta kuziwona. Switchi inagona pa BOTH, firiji ndi nyali zinadya mabatire onse awiri ngati limodzi. Tiwerengere limodzi mongoyerekeza. Firiji yaing'ono ya 12 V imakoka pafupifupi 4 A ikamalira, ndipo kutentha kwa kunyanja kuno imalira mwina theka la tsiku, kapena kuposa ngati alendo akutsegulatsegula kutenga zakumwa. 4 A kwa maola 12 ndi 48 Ah, poti Ah ndi ma A kuchulukitsa ndi maola. Nyali za LED zokwana 40 W kwa maola 5 ndi 17 Ah. Mafoni a alendo ndi wailesi tiike 10 Ah. Zonse pamodzi 75 Ah pa tsiku. Batire la asidi lolembedwa 100 Ah silikupatsani 100. Mukamalitsitsa kupitirira theka limakalamba msanga, choncho chimene muli nacho ndi 50 Ah pa batire lililonse, litakhala latsopano komanso lodzaza.

Mawu akuti lodzazawo ndi pamene pagona nkhani. Injini ya 60 hp imapereka pakati pa 15 ndi 20 A ikamathamanga kwambiri, ndipo gawo lina imadya yokha. Ulendo wa ku Chembe kupita ku Thumbi ndi waufupi. Mphindi 20 pa 15 A ndi 5 Ah basi, ofanana ndi amene firiji imadya pa ola limodzi ndi pang'ono ikamalira. Anthu ambiri amaganiza kuti poti injini yalira ndiye kuti mabatire adzaza. Ayi ndithu. Panelo yanu ya 200 W, tsiku lowala bwino, itha kubweza 50 kapena 60 Ah, bola pasakhale mthunzi wa denga la boti kapena zitosi za mbalame. Ndiye kuti tsiku lililonse lotanganidwa mumatapa 75 n'kubweza mwina 60. Ngongoleyo imaunjikana mwakachetechete mpaka m'mawa wina kiyi n'kungoti kete. Onjezerani apo kuti mabatire awiri akalumikizidwa pa BOTH, lofooka limayamwa lamphamvu mpaka onse alingane. Ndipo injini zamakono za fuel injection zimafuna magetsi oyendetsa pampu ya mafuta ndi kakompyuta kake, ndiye batire likafa musadalire kwambiri kukoka chingwe.

Chimene ndingakulangizeni, ndipo pa yankho lonseli ichi ndiye chachikulu, n'chakuti batire limodzi likhale la injini yokha. Lisayatse nyali, lisatchaje foni ya mlendo, ngakhale mlendoyo adandaule bwanji. Likhale la mtundu wa galimoto, lopangidwira kutulutsa mphamvu zambiri kwa masekondi ochepa. Lachiwiri likhale la zonse zotsala, ndipo likhale la mtundu wa deep cycle, ngati amene amagulitsidwa pa za sola, amene amapirira kutsitsidwa ndi kudzazidwa tsiku ndi tsiku. Batire la galimoto mukamaligwiritsa ntchito ya firiji silichedwa kufa. Pa katundu wanuyu 100 Ah yachepa, mufunika 200 Ah mbali imeneyi. Mukalumikiza awiri a 100 Ah, akhale amtundu umodzi ndi ogulidwa nthawi imodzi. Latsopano ndi lakale sayendera limodzi.

Mungathe kusunga switchi yanu n'kukhazikitsa lamulo: liza injini pa 1, yenda pa BOTH kuti onse atchajike, ukaponya nangula n'kuzimitsa injini pititsa pa 2. Lamuloli ndi lolondola, ndipo maboti ambiri ayenda nalo zaka. Vuto lake n'lakuti limadalira munthu wotopa, amene wangomaliza kuwotchera alendo nsomba dzuwa litalowa, kuti akumbukire kupotokola kanthu kamene kali pansi pa mpando. Ine ndinaiwalapo, ndipo ndi ntchito yanga. Tinagona pachilumba china switchi ili pa BOTH, m'mawa tinakokedwa ndi boti la asodzi amene ankabwerera ku usipa, akutiseka njira yonse.

N'chifukwa chake ndimakonda kuchotsa ntchitoyi m'manja mwa munthu. Pali kachipangizo kotchedwa VSR, ena amati ACR, kakang'ono kokwana m'dzanja. Kamakhala pakati pa pozitivi ya batire la injini ndi pozitivi ya batire la zinthu zina. Kakawona kuti magetsi akwera kufika cha m'ma 13.3 V, kutanthauza kuti pali chimene chikutchaja, kamalumikiza mabatire onse. Akatsika kufika cha m'ma 12.8 V, kamawalekanitsa. Manambala enieni amasiyana pang'ono malinga ndi kampani, koma kagwiridwe ndi komweko. Injini ikazima, batire lake limatsekeredwa lokha popanda wina kukumbukira. Kenaka batire lililonse likhale ndi switchi yake ya ON ndi OFF, ndiye pakhale switchi yachitatu yolumikiza awiriwo pangozi pokha, batire la injini likafooka. Yachitatuyi ibiseni pamalo povuta kufikira. Mukapeza wokugulitsani diode isolator, kachipangizo kena kolekanitsa mabatire, m'malo mwa VSR, dziwani kuti imadya pafupifupi 0.7 V, ndipo pa injini yaing'ono ngati yanu zimenezi zimasiya mabatire osadzaza.

Sola, injini ndi tchaja ya pagombe zikhoza kuthira m'batire limodzi nthawi imodzi popanda kumenyana, malinga chilichonse chili ndi regulator yake. Simufunika switchi yosankha pakati pawo. Batire likamadzaza, chilichonse chimachepetsa chokha. Chofunika ndi pamene mwalumikiza. Controller ya sola, imene ndi regulator ya panelo, ipite ku batire la zinthu zina mwachindunji kudzera pa fyuzi yake, osadzera pa switchi yaikulu, kuti izitchaja ngakhale mwazimitsa zonse n'kupita kunyumba. Komanso controller ikasiyidwa ndi panelo yokha batire litadulidwa, magetsi a panelo, amene amafika 20 V kapena kuposa, atha kuiwononga pamodzi ndi zimene zalumikizidwa kwa iyo. Pomanga, yambani batire kenaka panelo. Pomasula, yambani panelo. Pampu yokapa madzi m'boti nayonso ilambalale switchi yaikulu, ikhale ndi fyuzi yakeyake. Mvula ya usiku wa Januwale sidikira kuti mwini boti adzuke.

Mukadzaganiza zogula batire la lithium, VSR siyenera. Pamafunika tchaja ya DC-DC, imene imaika malire pa magetsi opita ku batire, pakati pa injini ndi batirelo, chifukwa lithium imakoka mphamvu mosaleza mpaka kutenthetsa chopangira magetsi cha injini, ndipo kakompyuta kake kotetezera kakadula mwadzidzidzi zimafanana ndi kupotokolera pa OFF kuja.

Tsopano za 230 V, magetsi a m'soketi za m'nyumba, ndipo apa ndiyankhula molimba. Zonse zimene ndanena zoti magwero atha kuthira pamodzi zikukhudza 12 V yokha. Magetsi a ESCOM, a jenereta ndi a inveta (chipangizo chosandutsa 12 V ya batire kukhala 230 V) asakumane pa waya mmodzi ngakhale kwa kamphindi. Magetsi amenewa amapita uku n'kubwerera maulendo 50 pa sekondi, ndipo magwero awiri osiyana sayendera phazi limodzi. Wina akamakankha mnzake akukoka, zotsatira zake n'chimodzimodzi ndi shoti: inveta imaphulika, jenereta imapsa, mawaya amagwira moto. Ndipo pali choopsa china chimene sichiwoneka m'boti. Magetsi a ESCOM akazima inu n'kuliza jenereta waya wa kugombe akadali wolumikizidwa, magetsi anu amabwerera ku loji, kulowa m'mawaya a m'mudzi, kukafika pa transformer imene imawakweza kufika pa 11,000 V kapena kuposa. Wogwira ntchito amene wakwera pa pholo akudziwa kuti laini ndi yozima angafe chifukwa cha kajenereta kanu.

Njira ya m'mabuku ndi switchi yosinthira ya malo atatu: gombe, OFF, jenereta. Mosiyana ndi ya mabatire ija, iyi iyenera kusiya gwero loyamba isanagwire lachiwiri, ndipo izidula mawaya onse awiri, wobweretsa magetsi (live) ndi wobwerera (neutral). Ya mabatire imagwira isanasiye, ya 230 V imasiya isanagwire, ndipo m'misiri amene sakusiyanitsa ziwirizi asakhudze boti lanu. Kudula neutral n'kofunika chifukwa neutral ndi earth (waya wachitatu wotetezera) zimayenera kukumana pamalo amodzi okha, pa gwero limene likupereka magetsi nthawi imeneyo. Zikakumananso m'boti pamene mukukoka kugombe, gawo lina la magetsi limabwerera kudzera mu earth, ndipo earth ya boti imakhudzana ndi injini, injini ili m'madzi.

Koma pa boti la msinkhu wanu ndingachite chophweka kuposa pamenepo. Musayale mawaya a 230 V m'boti monse. Ikani tchaja imodzi yabwino ya maboti, ya 20 kapena 30 A, ndi polowera magetsi pamodzi pokha, potetezedwa ku madzi. Waya wake ndi mmodzi. Mukakhala pa loji mumaulowetsa m'soketi ya loji, mukakhala kutali mumaulowetsa m'jenereta. Pulagi imodzi singalowe m'malo awiri nthawi imodzi, ndiye ngozi ya kukumana kwa magwero yatheratu popanda switchi iliyonse. Firiji, nyali, wailesi ndi mafoni zonse ziziyendera 12 V monga kale. Waya wokhala ndi mapulagi a mano mbali zonse ziwiri, umene ena amapanga kuti alowetse jenereta m'soketi, usapezeke m'boti mwanu: mbali imodzi ikalowa, mano a mbali inayo amakhala ndi nyesi poyera.

Chifukwa chimene ndikuumirira chonchi ndi nyanja yathuyi. Madzi ake alibe mchere. Ambiri amaganiza kuti madzi a mchere ndiwo oopsa pa magetsi, koma kwa munthu wosambira ndi mosemphana. Madzi a mchere amadutsitsa magetsi bwino kuposa thupi la munthu, choncho ambiri amamulambalala. M'madzi opanda mchere thupi ndilo njira yosavuta, magetsi amasankha kudzera mwa munthuyo. Safunika kukhala ambiri. Ochepa chabe amaumitsa minofu, munthu n'kulephera kupalasa manja, n'kumira mwakachetechete, ndipo owona amangoti anatopa kapena sankadziwa kusambira. Pagombe la Chembe pali ana osambira tsiku lonse, amayi otsuka mbale ndi kuchapa, alendo anu omwe ali m'madzi kuwonera mbuna. Waya wa 230 V ukakhala wolumikizidwa ku boti, pasapezeke wosambira pafupi. Pakhale RCD ya 30 mA, chozimitsa magetsi chokha akangoyamba kutayikira kwina, pa soketi ya kugombe komanso polowera m'boti, ndipo batani lake loyesera muzilidina musanayambe kutchaja. Waya akhale wathunthu wopanda mfundo zomata ndi tepi, wa mawaya atatu m'kati, asagone m'madzi. Polumikiza, zimitsani soketi, lowetsani mbali ya boti, kenaka mbali ya gombe, ndiye muyatse. Pochotsa, yambani kugombe. Ntchito ya mbali iyi ichitidwe ndi m'misiri wa zamagetsi wa chiphaso, ndipo ayeze ngati earth ya loji ilidi yamoyo, chifukwa m'nyumba zambiri dzenje lachitatu la soketi lilibe waya kumbuyo.

Jenereta, mukaigulabe, malo ake ndi panja pa mphepo, kapena pamchenga mukakocheza. Utsi wake uli ndi mpweya wa carbon monoxide wopanda fungo, umene umapha anthu ali m'tulo pansi pa lona. Nthunzi ya petulo imalemera kuposa mpweya, imatsikira pansi pa boti n'kukhala pamenepo kudikira kamoto ka switchi. Mabatire a asidi nawo amatulutsa hydrogen akamatchajidwa, ndiye bokosi lawo likhale ndi potulukira mpweya ndipo lisakhale chipinda chimodzi ndi thanki ya mafuta. Kunena zoona, ndalama ya jenereta ndikanagulira panelo yachiwiri ya 200 W ndi controller ya MPPT, mtundu umene umakolola zambiri pa panelo. Alendo amalipira kuti akamve nkhwazi ndi mafunde, ndipo petulo masiku ena amavuta kupeza.

Inveta ndiyotheka ngati mlendo akufuna kutchaja kompyuta kapena kamera, koma yaing'ono ya 300 W ikwana. Ya 1,000 W ikagwira ntchito mokwanira imakoka pafupifupi 90 kapena 100 A m'batire, ndipo 50 Ah yanu ija imatha pa theka la ola. Ketulo yamagetsi iwalani. Inveta ikhale ndi soketi yakeyake yosalumikizana ndi polowera magetsi a kugombe, ndipo tchaja ya mabatire isalowetsedwe m'soketi imeneyo. Ndawonapo boti limene inveta inkadyetsa tchaja, tchaja n'kumatchaja batire lomwe likudyetsa invetayo, mwini wake n'kumadabwa kuti bwanji likutsika chikhalirecho kanyali kakuti likutchaja kakuyaka.

Pa mawaya, fyuzi iliyonse imateteza waya, choncho ikhale pafupi ndi batire. Malamulo a ABYC, bungwe la za maboti la ku America, amati isapitirire mainchesi 7 kuchoka pa mutu wa pozitivi, omwe ndi masentimita 18. Waya wopita ku sitata yekha ndiye amaloledwa kukhala wopanda fyuzi. Pa 12 V waya woonda amadya magetsi panjira: kuti 10 A ikafike mamita 5 osataya kupitirira 3 peresenti, mufunika waya wa 6 mm², poti muyenera kuwerengera ulendo wopita ndi wobwerera, mamita 10. Waya wa m'nyumba wa nsinga imodzi yolimba amathyoka ndi kugwedezeka kwa boti. Gulani wa tinsinga tambiri, makamaka wamkuwa wokutidwa ndi tini ngati apezeka. Ndipo pogula palani kansinga kamodzi ndi mpeni. Kakayera m'kati, ndi aluminiyamu wopakidwa mkuwa pamwamba, ndipo pachinyezi amasanduka ufa.

Musanagule chilichonse mwa izi, pezani multimeter, kachipangizo koyezera magetsi, muyeze zimene muli nazo. Tchajani batire lililonse palokha mpaka lidzaze, lichotseni mawaya, lisiyeni usiku wonse. Labwino liwerenga 12.6 kapena 12.7 V m'mawa. Likawerenga 12.2 lili pa theka, ndipo ngati latsika chonchi popanda chilichonse cholidya, latha. Kenaka bwezerani mawaya, lizani injini, ikwezeni pang'ono, yezani pa mitu ya batire: muyenera kuwona pakati pa 13.8 ndi 14.5 V. Ikakhala pa 12 ndi kanthu osakwera, injini sikutchaja. Ikadutsa 15, regulator yachitatu nayo yapita, ndipo ikuwiritsa mabatire anu panopa.